Kutsidya kwa Msewu pa Lizulu

Ulendo wanga woyamba wa pa basi unali wa ku Dedza, pa tchuthi cha nthawi yozizira, ndili mu Sitandade 4. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ankakhala kumeneko chifukwa amuna awo ankagwira ntchito yocheka matabwa m'munsi mwa phiri. Ndiwo anatumiza mawu kwa amayi kuti, "Mwanayo abwere adzaone phiri, asamangoona mizere ya kachewere ya ku Mlangeni."

Ndinali ndi kabuku ka chikuto chobiriwira kamene aphunzitsi anandipatsa chifukwa cholemba mwaudongo. Ndinkalembamo ndi pensulo tsiku lililonse, poti pakamwa panga mawu sankatuluka bwino. Anzanga ankati ndimalankhulira m'mimba. Sabata yonse tisananyamuke ndinkalemba zimene ndikukaona: mitengo ya paini imene amati inabzalidwa m'mizere ngati chimanga, nkhungu yotsika mpaka pakhomo, ndi sitolo ya galasi lalikulu loti munthu n'kudziona thupi lonse.

Bambo anali ku migodi ku Joni, chaka chachitatu. Amayi sakanatha kusiya khanda ndi chimanga chosakolola. Wondiperekeza anali abambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, amene anabwera kwathu m'nyengo ya mvula kuchokera ku dziko la Apwitikizi, komwe kuli mudzi wa makolo a bambo. Anathawa chibalo. Anagwidwa pamodzi ndi amuna ena kuti akalambule msewu kutali, ndipo atadwala n'kulephera ntchito anamenyedwa ndi mbalamatodya, thabwa la mabowo lomenyera m'manja. Anafika kwathu manja atatupa ngati maungu aang'ono. Kwa masabata angapo sankatha kugwira khasu ngakhale kapu. Ine ndinkawathira madzi ofunda m'manjamo m'mawa uliwonse, iwo n'kumati, "Pang'onopang'ono, mayi, dokotala wankhanza iwe." Zonsezi ndinazilemba m'kabuku muja, ndi dzina lawo lomwe, ndi dzina la mudzi umene anathawako. Tsopano manja anali atapola, kungotsala zala ziwiri zosapindika, ndipo ankafuna kukayesa ntchito ya matabwa ku Dedza, kumene kunalibe wowadziwa.

M'mawa wa ulendo amayi anandimwetsa tiyi makapu awiri kuti ndisazizidwe. Akundimanga mpango kumutu anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ukudziwa kuti msewu waukulu ndiwo malire. Popita ku Dedza, kumanja n'kwathu, kumanzere n'kwa Apwitikizi. Bambo akowa asaponde kumanzere. Akangoponda, asupayi ali ndi mphamvu pa iwo, ndipo sitidzawaonanso." Asupayi ndiwo apolisi achikuda a Apwitikizi. Ndinavomera kuti ndamva. Koma kunena zoona, kwathu malire sitiwaopa. Amayi ambiri amawoloka kukatola nkhuni, nkhuku za m'mbali mwa msewu zimagona kwa Angelezi n'kukadya kwa Apwitikizi. Ndinamva kuti chenjezolo ndi la abambo aang'ono. Sindinaganize kuti likundikhudza ine.

Basi inafika dzuwa litakwera, ili ndi matumba ndi njinga pamwamba. Itangonyamuka ndinagwira mpando wa kutsogolo ndi manja awiri, chifukwa ndinkaona ngati mitengo ikuthamangira kudzatigunda. Abambo aang'ono anakhala mbali ya kumanja, chipewa chitatsikira m'maso, manja ali m'matumba a jekete.

"Usaulimbe chotero mpandowo, mayi," anatero. "Ukauzula, kondakitala atitsitsa."

Mantha atachepa ndinayamba kuyang'ana kunja. Kumanja dziko limatsetsereka kupita kutali, mapiri ang'onoang'ono atandandalikana mpaka kuoneka ngati utsi. Ndinali ndisanaonepo malo aakulu chotero nthawi imodzi. Kumanzere ndinayang'anitsitsa kuti ndione pamene dziko la eni likusiyana ndi lathu. Nyumba zinali zomwezo, makola omwewo, ana ankatibayibitsa chimodzimodzi. Abambo aang'ono sanatembenukireko ngakhale kamodzi.

Titafika pa Lizulu basi inayamba kutulutsa nthunzi kutsogolo. Dalaivala anaimitsa, n'kunena kuti injini yatentha, aliyense atsike mpaka madzi apezeke. Tinatsikira kumanja. Kumeneko kunali amayi ogulitsa kachewere, kabichi ndi anyezi, atayala m'milu pa ziguduli, ndipo amuna a m'basi anangoti mbwee paliponse, ena kusuta, ena kutsutsana za mitengo. Abambo aang'ono anakhala pa mwala kumbuyo kwa mayi wina wonenepa wogulitsa kachewere, nayamba kucheza naye za mbewu.

Tiyi wa amayi uja anali atayamba kundivuta kalekale. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mbali yathu kunali poyera, ndipo kulikonse kunali mwamuna. Kuuza abambo aang'ono sindikanatha, ndikanalolera kufa. Kufunsa mayi wachilendo ndinayesa, koma nditayandikira mawu anakana. Kutsidya kwa msewu kunali udzu wautali ndi tchire, popanda munthu. Ndinaika kabuku m'kati mwa diresi pachifuwa, monga ndinkachitira nthawi zonse, ndipo ndinazemba kuseri kwa basi n'kuwoloka.

Ndinalowa m'tchire patali ndithu, chifukwa cha manyazi omwewo. Pobwerera, nditatsala pang'ono kutulukira pamsewu, ndinamva mawu.

"Iwe, kamtsikana. Ima pomwepo."

Pansi pa mtengo wa msuku panali munthu atakhala pa chitsa. Anavala kabudula wa kaki ndi chisoti chofiira, ndipo pamiyendo pake panali chikoti. Sindinafunikire wondiuza kuti ndi msupayi. Miyendo yanga inachita zimene inaphunzitsidwa: ndinagwada. Pogwadapo kabuku kanapulumuka m'diresi n'kugwera pa fumbi pakati pa iye ndi ine.

Anakatola asanandifunse chilichonse. Anakatembenuza, n'kukanunkhiza.

"Wa sukulu eti? Wa m'basimo?"

"Inde, bambo."

"Kweza mawu, sindine mfiti yomva za mumtima. Mfunda wako ndani?"

Ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, ngati munthu wa mudzi woyandikana nawo. Ndipo funsolo ndi limene mkulu aliyense amafunsa mwana, kuti adziwe kuti ndi wa banja liti. Mwana wolera bwino sabisa mfunda wa bambo ake. Ndinautchula ndisanaganize.

"Ooo," anatero, n'kukoka mawuwo. "Kwathu kuno kuli anthu a mfunda umenewo. Mmodzi anatithawa nthawi ya mvula, wamtali, woseka msanga. Mzungu amatifunsa za iye mpaka lero. Ukumudziwa?"

Ndinayang'ana pansi. Panali nyerere itanyamula kachidutswa ka udzu, ndipo ndinaiyang'ana ngati ndi yokhayo ingandipulumutse.

"Uli ndi yani pa ulendowu?"

Kunama ndinali ndisanazolowere, ndipo zoona sizikananeneka.

"Wosalankhula, koma wolemba," anatero. Anatsegula kabuku. Anakagwira mozondotsa, kenaka anakatembenuza, ndipo ndinazindikira kuti sadziwa kuwerenga. Koma ndinadziwanso kuti akapita nako kwa mzungu wake, kumeneko kuli akalaliki odziwa. Anandipatsa kali kotsegula, chala chake chili pa tsamba. "Werenga apa. Ndimve zimene Angelezi akukuphunzitsani."

Linali tsamba la m'nyengo ya mvula. Mzere woyamba unali ndi dzina la abambo aang'ono, wachiwiri unali ndi mawu akuti mbalamatodya. Ndinaalemba mosamala kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndinali nditawafunsa aphunzitsi kalembedwe kake.

Ndinadzutsa maso kuti ndipume, ndipo pamwamba pa phewa la msupayi, kupyola udzu, ndinaona msewu. Abambo aang'ono anali ataimirira m'mphepete mwake. Anali atandiona. Anatulutsa manja m'matumba, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, monga munthu amachitira akamapita kukapepesa kwa wamkulu. Phazi limodzi linali kale pamsewu. Msupayi anali atafulatira msewuwo, koma panangotsala kuti atembenuke.

Kuitana kuti "Abambo, musabwere" kukanakhala kuwapereka ndi pakamwa panga. Kukhala chete kukanakhala kuwasiya awoloke. Ndinayang'ana pa tsamba lija, zilembo zikusambira, ndipo ndinatsegula pakamwa. Mawu amene anatuluka sindinawadziwe kuti ndi anga. Anali aakulu ngati a mlaliki wa pa msonkhano.

"Lachitatu! Lero thole lathu linawoloka mtsinje lokha! Nkhunzi inafuna kulitsatira! Koma amayi anati, nkhunzi isawoloke! Ikawoloka sibwerera! Iime pomwepo! Thole libwera lokha!"

Msupayi anadzidzimuka mpaka chikoti chinagwa. "Iwe! Ukuwerengera agonthi? Posachedwapa unalibe mawu."

"Aphunzitsi amati tizikweza, bambo," ndinatero, ndipo ndinabwerezanso mokuwa, chala chikuyenda pa mizere yonena zina, "Nkhunzi iime pomwepo!"

Sindinayerekeze kuyang'ana kumsewu nthawi yomweyo. Nditaba diso, ndinaona abambo aang'ono ataima chilili. Kenaka phazi lija linabwerera. Anavala chipewa, nawerama pafupi ndi mayi wa kachewere uja ngati akusankha mbatata.

Msupayi anatola chikoti chake. Sankaseka.

"Taima kaye," anatero. "Ine ndakula ndi ng'ombe. Nkhunzi yanji yotsatira thole? Imeneyo ndi ntchito ya make. Nkhunzi ilibe nazo kanthu za ana."

Ndinali nditalakwitsa chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa.

"Make anatsala kukhola, bambo," ndinanong'ona.

"Anatsala kukhola," anabwereza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ake anali ofiira ndi fumbi, osakwiya, ongoganiza. Kenaka anayamba kutembenuza mutu pang'onopang'ono kuloza kumsewu.

Udzu unagwedezeka, ndipo amene anatulukira anali mayi wa kachewere, akupukuta manja pa chitenje, thupi lake lonse litatseka njira.

"Iwe mwana! Ndakutuma nkhuni kapena ndakutuma kudzalalikira m'tchire?" Anandigwira pamkono n'kundidzutsa mwamphamvu. Kenaka anatembenukira kwa msupayi. "Mwaswera bwanji, bambo a chisoti? Amuna oti muwagwire atha kodi, kuti muyambe ana a sukulu?"

"Ndi wanu uyu, mayi?"

"Wa mng'ono wanga. Wamanyazi ngati kamba, koma mukampatsa buku, mudzi wonse sugona."

"Akuti ndi wa m'basi."

"Nanga akanabwera pa ndege? Watsika m'basi kudzandiona ine. Inunso, kachewere wanga mumadya Loweruka lililonse, lero mukundifunsa ngati mlendo?"

Msupayi anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. Anatambasula dzanja, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kabuku. Ndinampatsa ndi manja awiri. Anatsegula masamba limodzilimodzi, akudutsa zonse zimene ndinalemba chiyambire mvula, mpaka anafika kumapeto kumene kunali koyera. Anagwira masamba oyerawo onse n'kuwang'amba kamodzi.

"Awa ndi abwino kupichirira fodya," anatero. "Odetsedwa ndi pensulowa amakanda pakhosi." Anandiponyera kabuku.

Mayi uja anandikankha kuti nditsogole. Tinayenda mapazi atatu kapena anayi, ndipo msupayi analankhulanso, mosakweza mawu.

"Kamtsikana. Ukaiona nkhunzi ija, ukaiuze kuti khola lake kuno likadali lotsegula. Ndipo abusa ake amayenda. Ngakhale ku Dedza amafika."

Mayi uja anandifinya pamkono. "Usacheuke," anatero. "Yenda ngati wakhuta."

Msewu umenewo si waukulu, ngolo ziwiri zimapatukirana movutikira. Koma powoloka ndinaona ngati sukutha. Titafika mbali yathu mayiyo sanandiperekeze kwa abambo aang'ono. Anandikhazika pambali pake, nandipatsa mpeni kuti ndizichotsa masamba oipa a kabichi, ngati ndinedi mwana wa mng'ono wake. Abambo aang'ono anali ataloweratu m'basi. Ndinakhala pamenepo mpaka dalaivala analiza hutala. Pokwera ndinafuna kuthokoza, koma mawu anali atabwerera kwawo kwa masiku onse. Ndinangogwada. Iye anandiika mbatata zitatu m'manja n'kunena kuti, "Tsiku lina ukafuna kutchire, uzifunsa akazi anzako. Tonse timapita."

M'basi ndinakhala pafupi ndi abambo aang'ono, koma sitinalankhulane. Msewu unapitirirabe kutsata malire kwa nthawi yaitali. Paliponse pamene basi inaima ndinkayang'ana pakhomo kuti ndione ngati pakwera chisoti chofiira, ngakhale ndinkadziwa kuti m'basi ya kuno sangagwire munthu poyera. Nthambi ikagunda zenera ndinkadumpha. Mawu omaliza a msupayi anali m'kamwa mwanga ngati mwala wotentha, ndipo sindinadziwe ngati kuli bwino kuwalavula kapena kuwameza. Ndinkaganiza kuti ndikawanena, abambo aang'ono achoka. Ndikapanda kuwanena, akhala, ndipo tsiku lina anthu adzabwera kumalo ocheka matabwa n'kuwaitanira pambali.

Phiri la Dedza linaonekera dzuwa litapendeka. Linali lalikulu kuposa mmene ndinaliganizira, lakuda ndi mitengo, mutu wake uli m'mitambo. Anthu a m'basi anayamba kusonkhanitsa katundu. Apo m'pamene abambo aang'ono analankhula, akuyang'ana kutsogolo.

"Ndiye ine ndine nkhunzi, mayi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Bola sunati bulu." Anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Ndinali nditawoloka kale mumtima. Ndinati ndidzawauza chiyani akulu anga akadzabwera kuchokera ku Joni." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Pomaliza paja msupayi uja ananena chiyani? Ndinaona pazenera pakamwa pake pakuyenda."

Ndinawauza zonse, liwu ndi liwu, ngakhale la Dedza lomwe. Ndinawauzanso kuti mfunda ndinautchula ndine, ndi kuti m'kabuku muli dzina lawo. Ndinayembekezera kuti andikalipira. Iwo anangoyang'ana zala zawo ziwiri zija.

"Mfunda subisika," anatero. "Wachita bwino kundiuza."

Azakhali anatilandira ndi nthungululu pamalo oimikira basi, koma ataona nkhope zathu analeka. Madzulo amenewo akuluakulu anakambirana m'nyumba chitseko chili chotseka, ine ndili pakhonde ndi ana a azakhali amene ankandifunsa ngati ku Mlangeni kuli magalimoto. M'mawa mwake abambo aang'ono anatuluka atanyamula kamtolo kawo komweko. Amuna a azakhali anali atawapezera malo pa lole yonyamula matabwa kupita ku Lilongwe, ndipo anati kuchokera kumeneko akafunafuna ntchito m'minda ya fodya, kutali ndi malire.

"Phirilo ukandikwerere," anandiuza. "Ukaone ngati mitengoyo ilidi m'mizere."

Ndinakhala ku Dedza masabata awiri. Phiri ndinakwera ndi azakhali mpaka pakati. Mitengo ilidi m'mizere, ndipo pansi pake pali masamba ofewa onga singano, munthu ukamayenda sumveka. Kumanunkhira ngati sopo wa ku chipatala. M'mawa nkhungu imalowadi mpaka pakhomo, moti mbuzi imamveka kulira osaoneka. Amene sanafikeko ayenera kukaona, makamaka nthawi yozizira, atatenga chofunda chokwanira. Koma ine masiku onsewo ndinkati ndikaona mwamuna wachilendo akufunsa njira, ndinkapatuka msanga, ndipo kawiri ndinabisala kuseri kwa mulu wa matabwa chifukwa cha munthu wovala chipewa chofiira amene anali wogulitsa nsomba chabe.

Masamba a m'nyengo ya mvula aja ndinawang'amba ndekha, azakhali n'kuwasonkhezera pamoto. Pobwerera wondiperekeza anali azakhali omwewo, ndipo pa Lizulu sindinatsike.

Patapita miyezi inayi kunabwera kalata yolembedwa ndi dzanja la munthu wina. Amayi anandipatsa kuti ndiwawerengere, ndipo anatseka chitseko ndisanayambe. Abambo aang'ono anali atapeza ntchito yosankha fodya kumpoto kwa Lilongwe. Ankati zala zisanu ndi zitatu n'zokwanira ntchitoyo, ndipo tisawayembekezere Khirisimasi.